Sikani ya mtima ya nyukiliya ku Joni: mmene anawathandizira amayi anga

Anthu angapo akhala akundifunsa za sikani ya mtima yomwe amayi anga anakapangitsa kuno ku Joni, ena makolo awo auzidwa zomwezi ndi madokotala ndipo akangomva mawu oti nyukiliya mantha amawagwira, ndiye ndati bola ndilembe zonse mmene zinayendera kuyambira pa foni yobukitsa mpaka tsiku lotenga lipoti. Chipatalacho sinditchula dzina, ndi cha pulayiveti, dipatimenti yake ya nuclear medicine ili pansi penipeni moyandikana ndi kojambulira X-ray. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi ndachotsayo mumva chifukwa chake.

Amayi ali ndi zaka 63, BP akhala nayo zaka zoposa khumi, shuga inapezeka chaka chathachi. Chinayamba ndi choti akamakwera kamtunda kochokera kuchigayo amamva kuthina pachifuwa ngati munthu wawakhalira, akaima kupuma pang'ono zimasiya. ECG, ija amamata mawaya pachifuwa kuti aone kagundidwe ka mtima, anawajambula kawiri kumudzi koma sinaonetse chogwirika. Atabwera kudzandiona ndinawatengera kwa dokotala wa mtima, iyeyo atawayeza anati mtima ukupopa bwino ndithu koma akufuna aone ngati magazi akufika mokwanira mu mnofu wa mtimawo pa nthawi yomwe mtima uli pa ntchito yolemetsa. Ine ndinkangoganiza kuti mtima poti umakhala wodzadza magazi ndiye kuti sungasowe magazi, ayi, mnofu wake umadya kudzera mu mitsempha yakeyake itatu ikuluikulu yomwe imayenda pamwamba pake, pa lipoti amailemba LAD, LCx ndi RCA, ndipo umodzi ukayamba kutsekeka ndi mafuta munthu atakhala pansi samva kanthu, vuto limaoneka akamakwera mtunda. Sikani yoona zimenezi dzina lake ndi myocardial perfusion scan, manesi amangoti MIBI.

Nyenyezi ija inathothoka pa foni. Mtsikana wa pa risepushoni anandiuza tsiku, nthawi, ndalama, anati amayi asadye m'mawa ndipo asamwe khofi kwa maola 24. Khofi basi. Amayi khofi samwa nkomwe ndiye ine ndinati palibe vuto. Koma mukudziwa amayi athu ndi tiyi, anabwera ndi mapaketi awo a Chombe mu chikwama, madzulo anamwa, m'mawa kusanache anamwanso kakapu kamodzi kopanda mkaka poganiza kuti tiyi si chakudya. Titafika nesi anafunsa bwinobwino mmodzimmodzi, tiyi, Coca-Cola, chokoleti, mankhwala a mutu ngati Grand-Pa, amayi anavomera za tiyi ndipo pomwepo anati lero sizitheka. Ndinakwiya abale, ndinali nditapempha ofu kuntchito, Uber ndinalipira, amayi anali ndi njala komanso ali ndi shuga. Nesiyo anapepesa ndipo anafotokoza kuti caffeine amatchinga mankhwala omwe amagwiritsa ntchito potsegula mitsempha, ndiye sikani ikhoza kutuluka yooneka bwino chonsecho mtsempha uli wotsekeka. Pamenepo ndinaona kuti anachita bwino kutibweza, koma wa pa foni uja akanangotchula mawu oti tiyi tsiku lonse silikanawonongeka. Dipatimenti yomwe imalandira anthu ochokera maiko osiyanasiyana imayenera kudziwa kuti kwa ambiri a ife chakumwa cha m'mawa ndi tiyi. Anatiuza kuti rooibos alibe caffeine, ndi amene amayi anamwa masiku otsatirawo, monyinyirika.

Anatipatsa tsiku lina sabata yomweyo osalipiritsa kanthu koonjezera. Poti amayi ndi athupi anati apanga masiku awiri, tsiku loyamba la stress, kutanthauza kujambula mtima ataugwiritsa ntchito yolemetsa, lachiwiri la rest, kujambula mtima uli pa mpumulo, ena owonda amawapanga zonse tsiku limodzi.

Tsiku la stress anayamba ndi kuwaika kanula pamkono, mawaya a ECG pachifuwa, cha BP kumkono winawo. Anayesa kaye treadmill, mashini oyendapo uli pamalo amodzi. Amawerengera chonchi, 220 kuchotsa zaka za munthu, ndiye kwa amayi ndi 157, ndipo amafuna mtima ugunde kufika 85 peresenti ya nambala imeneyo, kutanthauza cha m'ma 133 pa mphindi. Mashiniwo amawonjezera liwiro ndi kutsetsereka mphindi zitatu zilizonse. Amayi munda amalima okha koma bondo lakumanja linawakanika msanga, komanso chinthu choyenda pansi pa mapazi anali asanachikwerepo, anagwira zitsulo mwamphamvu nkumandiyang'ana. Dokotala wachitsikana yemwe analipo sanawakakamize, anaimitsa nkunena kuti tigwiritsa ntchito adenosine, mankhwala aja otsegula mitsempha omwe amalowa m'malo mwa treadmill. Anafunsa kawiri ngati ali ndi asima chifukwa mankhwalawa sagwirizana ndi chifuwa chobanika. Amalowa pang'onopang'ono kwa mphindi 6, ndipo chapakati pake ndi pomwe amabaya kamankhwala ka nyukiliya kaja. Apa ndiwayamike kwambiri, asanayambe dokotala anandiuza kuti ndiwamasulire amayi zonse zomwe amve, kutentha kumaso, kuthina pachifuwa, kupuma movutikira, mwina mutu, ndipo kuti zitha msanga akangotseka chifukwa adenosine sakhalitsa m'magazi, masekondi chabe. Zinachitikadi choncho. Amayi anati "mwanawe ndikutha ine", ine ndawagwira dzanja, nesi wachizulu akuwasisita paphewa nkumati Gogo, Gogo, ndipo atatseka pasanathe mphindi ziwiri anali bwinobwino akufunsa madzi. Akanapanda kuchenjezedwa ndikhulupirira akanazula kanula uja.

Za nyukiliyazo, zomwe anthu ambiri amaopa. Kamankhwalako ndi technetium-99m yomangiriridwa ku sestamibi, ndi komwe kwachokera dzina loti MIBI. Kamayenda ndi magazi nkukakhazikika mu mnofu wa mtima, pomwe magazi afika ambiri kamakhala kambiri, pomwe afika ochepa kamakhala kochepa, ndipo kamatulutsa cheza chomwe kamera imawerenga. Kamerayo payokha situlutsa cheza chilichonse, imangomvetsera. Mphamvu ya technetium imatsika ndi theka maola 6 aliwonse, ndiye pakatha tsiku lathunthu yatsala gawo limodzi mwa magawo 16, osawerengera yomwe yatuluka pokodza. Anatiuza amwe madzi ambiri komanso asanyamule kamdzukulu kawo pachifuwa tsiku limenelo. Wojambulayo anandiuzanso chinthu chomwe sindinkadziwa, kuti technetium amachokera ku molybdenum-99, ndipo South Africa ndi limodzi mwa maiko ochepa padziko omwe amapanga molybdenum ameneyu, ku Pelindaba kufupi ndi Pretoria, pa riyakitala yotchedwa SAFARI-1 yomwe inayamba ntchito mu 1965. Nchifukwa chake nthawi ya apointimenti sasewera nayo, dozi yako amaikonzeratu ndipo ukachedwa imakhala ikutha mphamvu mu sirinji.

Atabaya anatikhazika panja pafupifupi ola, anawapatsa amayi madzi ozizira ndi kasangweji ka tchizi, akuti zimathandiza kuti mankhwala achoke msanga ku chiwindi ndi ndulu asaphimbe mtima pa chithunzi. Kenako kamera. Munthu amagona chagada manja atakweza pamwamba pa mutu, kamera ikuzungulira pang'onopang'ono pachifuwa kwa mphindi ngati 15 kapena 20 osagwedezeka. Chipindacho ndi chozizira kwambiri, tengani juzi yopanda zipi kapena mabatani achitsulo, ife anatibwereka bulangete. Atamaliza wojambula anayang'ana pa kompyuta nkunena kuti Gogo agonenso chafufumimba tijambule kachiwiri. Sanafotokoze chifukwa, ine mtima unangoti myuu. Tsiku lachiwiri linali lophweka, jakisoni, kudikira, kamera, basi.

Cholakwika chachiwiri chinachitika potuluka. Anatipatsa envelopu ya zithunzi zamitundumitundu ndi CD, nkunena kuti lipoti la dokotala lituluka pakatha masiku awiri. Munthu ungapirire osatsegula? Ndinatsegula tili m'galimoto. Munali mizere ya timabwalo ngati madonasi owala, ndipo pansi pake bwalo lalikulu logawidwa ngati mbale, chakumtunda kwake kuli chigamba chakuda bii, pambali manambala, SSS 5, SRS 4, SDS 1. Ndinafufuza pa intaneti usiku ndinapeza kuti SSS yosakwana 4 ndiye yabwino, 4 mpaka 8 ndi vuto laling'ono, kupitirira 13 ndi lalikulu. Ndinagona mochedwa masiku awiri amenewo ndikuganiza za opaleshoni ndi komwe nditenge ndalama, amayi sindinawauze kanthu. Zithunzi ngati zimenezi asamapereke kwa munthu popanda womufotokozera, kapena azipereka limodzi ndi lipoti.

Koma dokotala wa nuclear medicine yemwe anatiitana pa tsiku lachitatu ndi amene wapangitsa kuti ndilembe zonsezi. Bambo wachikulire wodekha, anatikhazika pansi nkutembenuza sikirini kuti tonse tione, ndipo ankadikira ndimalize kumasulira asanapitirize. Ndinamuonetsa chigamba chakuda chija. Iye anati chakudacho si chithunzi cha mtima wa amayi, ndi maganizo a kompyuta. Kompyuta imatenga mtima nkuuphwatalalitsa kukhala bwalo, nsonga ya mtima pakati, nkuugawa zigawo 17 monga momwe American Heart Association inakhazikitsira mu 2002. Chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 0, kutanthauza magazi akufika bwino, mpaka 4, kutanthauza palibe chikufika. Kuphatikiza malikisi a tsiku la stress ndiye SSS, a tsiku la rest ndiye SRS, kusiyana kwake ndiye SDS. Ndiye ine ndinafunsa kuti kodi kompyutayo imadziwa bwanji kuti apa ndi pabwino apa ndi pochepa, ikuyerekeza ndi chani?

Anamwetulira nkunena kuti anthu ambiri safunsa zimenezo. Mkati mwa pulogalamu muli chomwe amati normal database. Amatenga gulu la anthu omwe mwayi woti ali ndi matenda a mitsempha ya mtima ndi wochepa zedi, wosakwana 5 peresenti, amawajambula, nkupeza kuti malo aliwonse a mtima amawala bwanji mwa anthu abwinobwino komanso amasiyana motani munthu ndi munthu. Mtima wa wodwala ukabwera amauika pamwamba pa muyezo umenewo, pomwe watsika kupyola malire kompyuta imapaka chakuda. Amayi nditawamasulira anamva msanga kuposa ine, anati ndi ngati khadi la kusikelo ya ana, pamakhala mzere wojambulidwa kale ndipo mwana wako amamuika kadontho pamwamba kapena pansi pa mzerewo. Ndi zomwezodi. Ndipo monga khadi la mwana wamwamuna limasiyana ndi la wamkazi, database ya mtima nayonso ili pawiri. Kwa amayi bere lakumanzere limatchinga cheza chochokera kukhoma lakutsogolo la mtima ndiye pamenepo pamaoneka pozimirira, kwa abambo kawirikawiri ndi khoma lapansi lomwe limazimirira chifukwa cha mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, makamaka akakhala ndi mimba yaikulu. Database ya amayi imayembekezera kale kuzimirira kwina kutsogoloko, koma munthu akakhala ndi mabere aakulu kuposa amayi omwe anajambulidwa popanga muyezowo, kompyuta imaona ngati ndi matenda.

Ndiye anationetsa chifukwa chomwe sanakhulupirire chigambacho. Choyamba chinalipo masiku onse awiri pafupifupi chimodzimodzi, pomwe mtsempha wopanikizika umaonetsa kuchepa pa stress nkubwerera bwino pa rest. Chigamba chosasintha chimatha kukhala chipsera cha mtima womwe unadwalapo kale, koma chipsera sichigwira ntchito, ndiye anatsegula kavidiyo ka mtima ukugunda, amati gated chifukwa kamera imajambula motsatira ECG, ndipo khoma lomwelo linali kuyenda ndi kukhuthala bwinobwino ngati ena onse. Ejection fraction, yomwe ndi gawo la magazi omwe mtima umatulutsa pa kugunda kulikonse, inali 62 peresenti. Chachitatu ndi chithunzi cha chafufumimba chija, munthu akagona choncho bere limasuntha malo, ndipo pa chithunzi chimenecho chigamba chinasowa. Mtsempha wotsekeka susuntha chifukwa munthu watembenuka. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti wojambula uja anaona kale zimenezi ndipo anachita ntchito yake bwino, ngakhale akanatiuza mawu awiri okha.

Ine funso linanditsalira ndipo ndinalifunsa, anthu abwinobwino amenewo ndi akuti? Anayankha mosabisa. Pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchito ndi QPS yochokera ku Cedars-Sinai ku Los Angeles, ndipo database yake ndi yomwe inabwera ndi pulogalamuyo. Palinso ena odziwika, Emory Cardiac Toolbox ya ku Atlanta ndi 4DM ya ku Michigan, iliyonse ndi muyezo wake, moti mtima umodzi womwewo ukhoza kupeza manambala osiyanako pang'ono ukadutsa mu mapulogalamu awiri. Magulu omwe amapangira miyezo imeneyi si anthu masauzande, kawirikawiri ndi makumi angapo a abambo ndi makumi angapo a amayi. Komanso muyezo umayenera kugwirizana ndi mtundu wa kamera, mmene munthu wagonera, ndi ngati zithunzi zakonzedwa ndi CT kuchotsa kutchinga kwa thupi kapena ayi, sungatenge muyezo wa chagada nkuyezera chithunzi cha chafufumimba. Anatiuzanso za ku Japan, komwe Japanese Society of Nuclear Medicine inapanga database yawoyawo mu 2007, ntchito yomwe Kenichi Nakajima wa ku Kanazawa University amadziwika nayo, chifukwa matupi a anthu a kumeneko ndi osiyana ndi a ku America, ndipo amayi ambiri kumeneko ali ndi mitima ing'onoing'ono yomwe imapangitsa kompyuta kukweza ejection fraction kuposa mmene ilili.

Zimenezi zandikhala mumtima mpaka lero. Mizere ya kusikelo yomwe WHO inatulutsa mu 2006 anaipanga poyeza ana a maiko 6, Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndiye mwana wa ku Africa analimo. Mtima wa amayi anga, mayi wa kumudzi yemwe wakhala akusenza madzi ndi nkhuni moyo wake wonse, unayezedwa ndi muyezo wa anthu a ku California. Sindikunena kuti muyezowo ndi wabodza, mtima ndi mtima, ndipo dokotala ananena kuti chomwe chimasokoneza kwambiri ndi kaumbidwe ka thupi lomwe cheza chikudutsamo. Koma ngati a ku Japan anaona kuti nkofunika kujambula anthu awo, ine ndikuona kuti zipatala za kuno zomwe zimajambula amayi athu tsiku ndi tsiku zikanachitanso chimodzimodzi. Dokotalayo anati mapulogalamuwa amalola dipatimenti kupanga database yakeyake, chimavuta ndi nthawi ndi kusonkhanitsa anthu oyenera. Ndinamuyamikira kuti sananamizire kuti kompyuta yawo ndi yosalakwa. Ndipo ichi ndi chomwe ndimauza aliyense wondifunsa, ndalama zomwe mukulipira pa sikani imeneyi zambiri mukulipirira maso a munthu wowerenga zithunzi, ndiye funsani ngati mudzaonana naye.

Anatichenjezanso mbali ina yomwe sindinaiganizire. Sikaniyi imayerekeza mbali za mtima ndi mbali yomwe ikuwala kwambiri mu mtima womwewo. Zili ngati munda wa chimanga, ukafuna kudziwa mzere wofooka umayerekeza ndi mzere wabwino, koma ng'amba ikagwira munda wonse mofanana mizere yonse imaoneka yolingana. Mitsempha itatu yonse ikapanikizika mofanana chithunzi chikhoza kuoneka chosalala. Nchifukwa chake amayang'ananso ECG ya nthawi ya stress, ngati mtima wakula pambuyo pa stress, ndi ngati ejection fraction yatsika. Kwa amayi zonsezi zinali bwino. Anati kukanakhala kukaikira akanatitumiza ku PET, yomwe imayeza kuchuluka kwenikweni kwa magazi odutsa, kapena ku angiogram, komwe amajambula mitsempha yeniyeniyo kuti aone pomwe yatsekeka. Munthu yemwe sikani yake yatuluka bwino mwayi woti mtima umuchite zoopsa umakhala wosakwana 1 peresenti pa chaka, koma anatsindika kuti kwa odwala shuga chitsimikizo chimenechi sichikhalitsa ngati kwa ena, ndiye kuthina kuja kukasintha kapena kukabwera atakhala pansi asadikire.

Za ndalama, ife tinalibe medical aid ndiye analipiritsa zonse tisanalowe, ma rand masauzande angapo, ine ndi achimwene tinasonkherana. Pemphani koteshoni yolembedwa ndipo funsani ngati mankhwala a nyukiliya, adenosine ndi dokotala woyang'anira stress zili momwemo, chifukwa zina amalemba padera. Womasulira alibe, kholo lanu ngati Chingerezi chimavuta pitani nalo nokha masiku onse, ndipo uzani nesi kuti mukufuna kulowa nawo pa stress, ine anandilola. Mankhwala onse omwe akumwa tengani m'mapaketi ake, ena a BP dokotala amatha kunena kuti aime kaye sikani isanachitike, koma musaimitse panokha. Lipoti lenilenilo ndi tsamba limodzi la Chingerezi chovuta, ndinapempha dokotala kuti alembe pansi mizere iwiri yosavuta yoti akaonetse kuchipatala kumudzi ndipo analemba ndi cholembera pomwepo.

Dokotala wa mtima ataona lipoti anawasinthira amayi mankhwala a BP, anawonjezera a mafuta m'magazi, nkunena kuti shuga aigwire zolimba. Anakwera basi Loweruka lapitali, envelopu ndi CD anazikulunga mu chitenje nkuziika pansi pa chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti. Dzulo anandiimbira kuti afika bwino, apita kale kuchigayo, kamtunda kaja anakwera pang'onopang'ono monga anawauzira ndipo anaima kamodzi kokha.